Dzina la pa Envulopu ya Khadi ya Ukwati: Mafunso ndi Mayankho

Komiti ya ukwati imatha miyezi ikukambirana za holo, keke, galimoto ya akwati ndi nsalu ya operekeza. Makhadi akabwera kuchokera kosindikiza, ntchito yolemba maina pa maenvulopu amangomusiyira mtsikana wina wa dzanja labwino, usiku, aliyense atatopa. Chikhalirecho envulopu ndiyo imayamba kufika m'manja mwa woitanidwa, ndipo alipo anthu amene amatsimikiza zobwera kapena zosabwera asanaitsegule n'komwe. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavuta kawirikawiri cholembera chili kale m'manja.

Kodi envulopu ili ndi ntchito yanji, poti zonse zalembedwa kale pa khadi?

Khadi ndi imodzimodzi kwa aliyense. Imatchula amene akukwatirana, tchalitchi kapena mzikiti, holo, tsiku ndi nthawi. Imene yapita kwa abwana a kuntchito ndi yomweyonso yapita kwa azakhali a ku Mitundu. Envulopu yokha ndiyo imanena zinthu ziwiri zimene khadi singanene: waitanidwa ndani, ndipo eni ukwati amamuona motani. Mukalakwitsa choyambacho, mulipira mbale zimene simunawerengere. Mukalakwitsa chachiwiricho, nkhani yake imakatulukira pa maliro zaka zitadutsa, wina akukumbutsa kuti paja munawalemba ngati kamwana.

Nanga "Mr and Mrs" amene timangolemba tonsefe anachokera kuti?

Sanayambire kuno. Ukwati wa m'tchalitchi unabwera ndi amishoni: a Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera mu 1889. Makhadi ndi kalembedwe kake zinatsatira pambuyo, limodzi ndi sukulu, positi ndi makina osindikizira.

Ku England kalembedweka kanali ndi muzu wake m'malamulo. Mkazi akakwatiwa ankalowa pansi pa dzina ndi ulamuliro wa mwamuna wake, monga momwe katswiri wa malamulo William Blackstone analongosolera mu 1765, ndipo zambiri zokhudza katundu wa mkazi wokwatiwa zinadzasintha ndi lamulo la mu 1882. N'chifukwa chake mayi ankalembedwa "Mrs John Smith": dzina loyamba ndi la mwamuna, lomaliza ndi la mwamunanso, lake palibiretu.

Ku America, buku la Emily Post la mu 1922 lophunzitsa ulemu linafotokoza za maenvulopu awiri. Yakunja inali ya dzina ndi adiresi, yoti igwidwe ndi a positi. Yamkati inali ya maina okha a oitanidwa, ndipo inkafika kwa mwini wake yoyera bwino. Kuno kwathu ndi ochepa amene amagula maenvulopu awiri pa khadi imodzi, choncho envulopu yathu imodziyo imasenza ntchito zonse ziwiri.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti tinalandira mwambo wofafaniza dzina la mkazi m'dziko limene Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja amatsata mtundu kuchikazi. Kumene mwamuna ndiye amakakhala chikamwini, ana n'kumawerengedwa kwa amayi awo, kulemba mayi wa pakhomopo ndi maina onse awiri a mkamwini n'kopanda mutu.

Ndiye tilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Lembani m'chilankhulo chimene mungamupatsire moni munthuyo mukakumana naye pakhomo pake. Ngati moni wanu umakhala "Mwaswera bwanji bambo?", envulopu inene kuti "Kwa Bambo ndi Mayi Phiri". Khadi yokhayo kaya inasindikizidwa m'Chingerezi, zimenezo sizikukakamizani.

Chichewa chilinso ndi phindu lina pamenepa. "Mayi" amakwanira mayi wokwatiwa, wamasiye, wosiyidwa ukwati, ngakhale wachikulire amene sanakwatiwepo. Azungu anavutika ndi "Miss" ndi "Mrs" mpaka "Ms" anadzatchuka m'zaka za m'ma 1970. Ife vuto limenelo tilibe, pokhapokha titachita kulibwereka. Kumbukiraninso "a" waulemu. "Kwa Banda" ndi momwe mphunzitsi amaitanira mwana wa sukulu. "Kwa a Banda" ndi momwe munthu amaitanira mnzake.

Mayi amene sanasinthe dzina atakwatiwa timulemba bwanji?

Ndi dzina limene iye amagwiritsa ntchito. Amayi ambiri masiku ano anasunga dzina la kwawo chifukwa ndilo lili pa satifiketi ya sukulu, pa chiphaso cha unzika ndi ku banki, ndipo ena anaphatikiza maina awiri. Lembani "Bambo Mwale ndi Mayi Kamanga", mzere umodzi kapena iwiri, mawu akuti "ndi" ali pakati. Alipo amayi amene kuntchito amadziwika ndi dzina la kwawo koma kutchalitchi amakondwa kutchedwa ndi la amuna awo. Apa onani kumene mwadziwirana nawo.

Kodi kulemba mfunda, monga Naphiri kapena Nabanda, n'koyenera pa khadi ya ukwati?

N'koyenera, ndipo kwa amayi achikulire a kumudzi palibe ulemu woposa umenewu. "Kwa Agogo a Nambewe" imafika pamtima kusiyana ndi "Mrs" aliyense. Kumpoto amati Nyachirwa, Nyagondwe. Kwa Ayao abambo amatchulidwa ndi "Che" ndipo amayi ndi "Abiti" kutsogolo kwa dzina la bambo awo. Zonsezi ndi zolembeka pa envulopu.

Koma samalani ziwiri. Mfunda wa mayi ndi wa kwawo, si wa mwamuna wake: mkazi wa a Phiri si Naphiri ayi, akhoza kukhala Nankhoma. Chachiwiri, m'mudzi umodzi a Nabanda amatha kukhalamo asanu. Onjezerani kanthu kosiyanitsa, monga dzina la amuna awo kapena la mwana wawo woyamba, kuti khadi isagwere khomo lina. Ikagwera khomo lina simungakailande.

Mawu akuti "ndi banja" ali ndi vuto lanji?

Amenewa ndiwo amagwetsa bajeti. Kumene kalembedweka kanachokera, banja ndi bambo, mayi ndi ana awo, basi. Kwathu kuno banja likuphatikiza mlamu amene akudikira zotsatira za mayeso a Fomu 4, mdzukulu wa kumudzi, ana a malemu achimwene, pena ndi mtsikana wolera mwana. Onsewo ndi a m'nyumbamo. Mukalemba "ndi banja" ndiye kuti mwawaitana, ndipo akabwera asanu ndi atatu sanalakwe kanthu.

Choncho yambani mwadzifunsa kuti ukwati wanu ndi wamtundu wanji. Ngati ndi wa kumudzi, amayi akuphika m'miphika ikuluikulu kuseri kwa nyumba, mbuzi zagwa, thobwa lili m'migolo, lembani "ndi banja" ndi mtima wonse. Kumeneko mudzi wonse umabwera popanda khadi, ndipo kuwerenga mitu ya anthu kungakhale kudzichotsa ulemu. Koma ngati mwachita lendi holo ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, mipando ndi yowerengeka, okonza chakudya akulipiritsa pa mbale, ndiye lembani okhawo amene mwawakonzera malo: "Bambo ndi Mayi Nkhoma", m'munsi mwake "anthu awiri". Ngati ana aitanidwanso, lembani maina awo pansi pa makolo, kuyambira wamkulu.

Ena amaona ngati kulemba chiwerengero n'kuuma mtima. Ine ndimaona kuti kuuma mtima kwenikweni ndi kumusiya munthu avale suti, akwere minibasi ndi ana ake atatu, kenako mnyamata wa pageti amubweze pamaso pa anthu. Chimene chichitike pageti chinenedwe pa envulopu.

Palinso nkhani ya perekaniperekani. Eni ukwati ambiri amafuna khamu m'holo chifukwa khamu ndilo limaponya ndalama, koma chakudya akonzera ochepa. Ngati ndi choncho, siyanitsani poyera: mwambo wa kutchalitchi ndi perekaniperekani zikhale za onse, ndipo a chakudya alandire kakhadi kena m'envulopu momwemo. Musagwiritse "ndi banja" pofuna kudzaza holo pamene mbale zili zowerengeka.

Mwana wamkulu amene akugwira ntchito koma akukhalabe kwa makolo ake mulembereni khadi yakeyake ngati mukumufunadi. Kumubisa pansi pa dzina la bambo ake ali ndi ndevu kumamuuza kuti simunaone kuti anakula.

Amalume, agogo ndi ankhoswe tiwalembere chiyani?

Tisanafike pa cholemba: anthu amenewa sayenera kumva za ukwati kudzera pa khadi. Kwa otsata kuchikazi, malume ndiye mwini mbumba. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Ankhonde ndi Asena, kumene kuli malowolo, mawu ali ndi a kuchimuna, abambo aakulu, abambo aang'ono ndi azakhali. Onsewa ndi eni ukwati, si alendo. Amauzidwa pakamwa, munthu atakhala pansi, ukwati usanalengezedwe n'kutchalitchi komwe. Ankhoswe ndiye asachite kunenedwa: iwo ndi amene anayendetsa nkhani kuyambira pa chinkhoswe. Khadi imene amalandira ndi yoti asunge, ndiponso yowakumbutsa tsiku ndi nthawi.

Tsono polemba pamabuka kafunso kena. Munthu mmodzi yemweyo ndi amalume kwa mkwatibwi, achimwene kwa mayi a mkwatibwi, alamu kwa bambo ake. Envulopu ilankhule ndi pakamwa pa yani? Ine ndimati ilankhule ndi pakamwa pa akwati, chifukwa tsikulo ndi lawo: "Kwa Amalume a Mbewe ndi Mayi", "Kwa Agogo a Zimba". Ngati zikusokoneza, "Bambo ndi Mayi Mbewe" salakwika.

Chimene sichiloledwa ndi dzina loyamba la munthu wamkulu lili lokhalokha. Apongozi anu simungawatchule dzina pakamwa. Musawatchulenso ndi inki. Ndipo makolo a mbali ziwirizi, asewere, satumizirana khadi ngati alendo. Ngati banja lina ndilo lasindikiza makhadi, liwapereke kwa linzake kudzera mwa ankhoswe, ochuluka ndithu, kuti nalonso liitane anthu ake.

Nanga abusa, ansembe, mashehe, madokotala ndi aphungu?

Mpingo uliwonse uli ndi katchulidwe kake, ndipo tsatani ka mpingo wa woitanidwayo, osati ka wanu. Ku CCAP ndi mipingo yambiri ya chipulotesitanti timalemba "Abusa ndi Mayi Busa Chirwa". Kumene mayi ndiye mbusa, lembani "Abusa Chirwa ndi Bambo Chirwa". Musawabweze kukhala "Mayi Busa" ngati kuti ubusawo ndi wa amuna awo. Wansembe wa Katolika ndi "Bambo", wotsogolera parishi ndi "Bambo Mfumu", episkopi ndi "Ambuye", ndipo envulopu yawo imakhala ya munthu mmodzi. Kwa Asilamu lembani "Shehe" kutsogolo kwa dzina. Phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi nduna ya boma ndi "Olemekezeka".

Onse awiri akakhala ndi udindo, aliyense alembedwe ndi wake. Taganizani banja la Dr Joyce Banda, amene anatsogolera dziko lino kuyambira mu 2012 mpaka 2014, ndi amuna awo a Richard Banda, amene anakhalapo mkulu wa oweruza milandu. Palibe angayerekeze kuwaphatikiza mu "Mr and Mrs" n'kumati wamaliza. Ulemu womwewo uyenera dokotala wa pa chipatala cha boma lanu amene amuna ake ndi mphunzitsi: "Dr Gondwe ndi Bambo Gondwe". Mwa chizolowezi, wa udindo ndiye amayamba, kaya ndi mayi.

Komabe envulopu si kalata yofunsira ntchito. Madigiri a munthu musawandandalike kumapeto kwa dzina. Ndipo ngati woitanidwayo ndi pulofesa koma ndi mchimwene wanu wa bere limodzi, mukumuitana ngati mbale, "Kwa Achimwene ndi Alamu" imamukwanira. Udindo ulembedwe pamene mukumuitana munthu chifukwa cha udindowo, kapena pamene simunazolowerane naye.

Mafumu nawo?

Mfumu imalembedwa ndi dzina la ufumu, osati limene inabadwa nalo, ndipo mlingo wake ulembedwe molondola: Nyakwawa, Gulupu, Mfumu Yaikulu. Kukweza nyakwawa kukhala gulupu pa envulopu kumakhumudwitsa gulupu weniweniyo akamva, ndipo amamva. Mafumu aakulu a mitundu ali ndi maina awo aulemu: Kalonga Gawa Undi wa Achewa, amene likulu lake lili ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, Inkosi ya Makhosi Gomani ku Ntcheu ndi M'mbelwa ku Mzimba, Lundu ku Chikwawa, Kyungu ku Karonga, Chikulamayembe ku Rumphi. Ambirife sitidzalemberako amenewa, koma nyakwawa ya m'mudzi mwathu ndiye sitingailumphe.

Khadi ya mfumu satuma nayo mwana. Amapita nayo akuluakulu, amadzera kwa nduna zake, ndipo sapita chimanjamanja.

Pali mabanja ena ovuta kulemba: amasiye, olekana, amitala, ongolowana. Titani?

Mayi wamasiye alembedwe ndi dzina limene akudziwika nalo, "Mayi Tembo", popanda kuwonjezera za malemu. Chowawa kwambiri ndi kulemba "Bambo ndi Mayi" pamene mmodzi anatisiya chaka chatha. Zimachitika chifukwa wolemba akukopera mndandanda wa ukwati wa mkulu wake wa zaka zapitazo. Ngati maliro ndi aposachedwa, khadi ipite ndi munthu woti akapepese kaye, kenako n'kuipereka.

Olekana aliyense alandire yake, ku nyumba kwake, ndi dzina limene akugwiritsa ntchito panopa. Envulopu si malo oyanjanitsira banja. Imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe awo.

Pa mitala, nyumba iliyonse ndi khomo palokha. Ngati mukuitana amayi onse awiri, lembani maenvulopu awiri, ndipo afike tsiku limodzi, kuyambira kwa mayi wamkulu. Ngati ubale wanu uli ndi nyumba imodzi yokha, monga pamene mayi wamng'onoyo ndi mchemwali wanu, mutchuleni bwinobwino kuti pasakhale kulimbirana "Mayi" wa pa envulopuyo.

Ongolowana musawaweruze ndi cholembera. Lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wachikhalidwe ndi wachipembedzo, ndiponso, khoti likavomereza, wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali monga banja. Ngati anthu onse amawadziwa kuti ndi bambo ndi mayi a pakhomopo, alembeni choncho. Mnzanu amene ali pa chibwenzi chodziwika, ndipo mukufuna abwere awiri, funsani dzina la bwenzilo mulilembe. Mukangolemba kuti "ndi mnzanu", mwamupatsa ufulu wobwera ndi aliyense.

Kodi khadi imodzi ingaitane gulu lonse?

Ingathe, koma ikhale ndi mwini. Ya amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano kapena a Dorika, ya kwaya, ya anzanu a banki m'khonde, ilembedwe kwa wapampando kudzera kwa mlembi, kuti ikawerengedwe pa msonkhano. Ya kuntchito imene imangomatidwa pa bolodi imaitana aliyense wodutsa, choncho ikhale ya kutchalitchi ndi perekaniperekani. Abwana anu ndi anzanu apamtima a muofesi alandire zawozawo.

Sindikudziwa bwino dzina la munthu. Ndingoyerekeza?

Ayi. Safunsa anadya phula. Maina athu ali ndi misampha yake: Chirwa ndi Chilwa, Ngoma ndi Ng'oma, Mbwana ndi M'bwana, Nkhata ndi Mkhata. Kusinthanitsa l ndi r sikumveka tikamalankhula, koma pa pepala mwini dzina amakuona msanga. Imbirani m'bale wake, kapena onani momwe mwini wake amalembera pa WhatsApp kapena pa Facebook.

Aneba amene mwakhala nawo zaka zambiri mukungowadziwa kuti "Bambo a Chikondi" ndi "Make Chikondi" musachite nawo manyazi. Kulemba choncho si kulakwa, ndipo kwa ena n'kokoma, koma kufunsa mfunda wawo kwa neba wina kumangotenga mphindi imodzi.

Adiresi ilembedwe bwanji? Nanga achibale a kunja, ndi makhadi a pa foni?

Makhadi ambiri kuno amayenda pamanja, choncho kutsogolo kwa envulopu kukhale dzina lokha. Zothandiza wokapereka, monga "Area 25, pafupi ndi chigayo" kapena "Ndirande, kuseri kwa msika", zilembedwe ndi pensulo kumbuyo. Yodzera ku positi imapita ku P.O. Box kapena Private Bag, osati ku nyumba, ndipo nambala ya positi ofesi musaiiwale: Blantyre 3 ndi ku Chichiri, Lilongwe 3 ndi ku Capital City. Kumudzi anthu ambiri amalandirira makalata pa bokosi la sukulu kapena la tchalitchi. Lembani dzina la woitanidwa pamwamba, la sukuluyo pansi.

Ya ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London ilembedwe ndi dzina lonse monga lili pa mapepala a munthuyo, nambala ya nyumba, msewu, khodi ya positi ndi dzina la dziko. "Kwa Amalume" wa positi wa kumeneko sawadziwa. Mawu amenewo alembeni pa khadi mkati. Ndipo auzeni pa foni miyezi ingapo tsiku lisanafike, chifukwa iwo ayenera kupempha tchuthi ndi kusunga ya ulendo.

Khadi ya pa WhatsApp ilibe envulopu, choncho uthenga umene mwaperekeza nawo ndiwo envulopu yake. Chithunzi choponyedwa pa gulu la anthu 200 ndi chilengezo chabe. Palibe amene waitanidwa. Tumizani kwa munthu payekha, muyambe ndi moni ndi dzina lake, munene ngati ndi yekha kapena awiri. Kwa akuluakulu, imbani kaye.

Tichite chiyani kuti zolakwa zichepe?

Mndandanda ulembedwe makhadi asanabwere, dzina lililonse monga momwe lidzaonekere pa envulopu. Kenako munthu mmodzi wachikulire wa kuchikazi ndi wina wa kuchimuna auwerenge mokweza, dzina ndi dzina. Iwo ndi amene amadziwa amene anamwalira, amene analekana, amene analowa ufumu chaka chino, ndi amene simunawalembe koma simungawasiye. Wolemba akhale mmodzi kapena awiri, alembe masana, ndi inki yakuda kapena yabuluu. Yofiira isiyireni aphunzitsi. Gulani maenvulopu oonjezera, chifukwa dzanja limaphonya. Envulopu yofufutidwa kapena yopakidwa utoto woyera pa dzina la munthu musaitumize. Ing'ambeni, mulembe ina.